A Gasi ndi Shelefu Yaitali

Achimwene anga anabadwa osagwirizana ndi mpando. Amayi amatiuza kuti ngakhale ali khanda ankakana kuyamwa munthu atakhala pansi, mpaka amayiwo aimirire n'kumazungulira nawo m'nyumba. Kusukulu aphunzitsi anawapatsa desiki ya pafupi ndi chitseko, poti ankadziwa kuti belu lisanalire atuluka basi. Ine ndine wopondana nawo, tinasiyana zaka zinayi, ndipo ndinakula ndikuona kwambiri msana wawo kuposa nkhope, chifukwa nthawi zonse ankakhala akuchoka.

Atakula anaphunzira kukonza mafiliji, ndipo ntchitoyo inawakwana ndithu. Filiji siyenda yokha kupita kwa wokonza, wokonza ndiye amailondola komwe ili. Anagula kagalimoto kakale kotsegula kumbuyo, n'kumangiriramo botolo la gasi, mapaipi ndi bokosi la zitsulo, basi tsiku lonse ali pamsewu. Anthu anawapatsa dzina loti a Gasi, chifukwa filiji iliyonse, asanaitsegule n'komwe, ankangoika khutu pambali pake n'kunena kuti, "Gasi watha umu." Nthawi zambiri ankakhala akunena zoona.

Ine ndine telala. Makina anga ali m'chipinda chakutsogolo cha nyumba yathu, pawindo loyang'ana kumsewu. Amuna anga ndi kalipentala, munthu wamkulu thupi koma wosayankhula, woti mutha kukhala naye tsiku lonse n'kungomva mawu atatu. Shedi yawo ili kuseri kwa nyumba. Pa nthawi imene ndikunenayi tinali ndi ana awiri aakazi, onse ali kupulaimale.

Makasitomala ambiri a achimwene anali eni mabala. Filiji ya m'nyumba ikafa, anthu amadikira mwezi uthe. Ya m'bala ikafa, mwini wake amaimba foni kasanu pa ola limodzi. Ndiye achimwene ankalowa m'mabala m'mawa, kudzera khomo lakumbuyo, mipando ikadali chadodolido pamatebulo, pansi pali madzi a sopo. Ankaona zimene omwa saona. Ankadziwa kuti bala yakutiyakuti ili ndi makireti mpaka kudenga, ina yangotsala ndi mabotolo oonetsera pashelefu, ina lole yafika dzulo, ina mwini wake akuthira madzi m'mowa wamphamvu. Zonsezi zinkakhala m'mutu mwawo, ndipo ankazikamba monyadira ngati mmene ena amakambira za mpira.

Amayi sankakondwa nazo. Tsiku lina tikudya kunyumba kwawo, achimwene akutafuna choimirira monga mwa masiku onse, amayi anati, "Iwe, mabala ukuwadziwawa adzakusiyira mabala."

Achimwene anaseka mpaka kutsamwa. "Amayi, ine ndimangokonza mafiliji. Kodi dokotala amadwala matenda onse amene amawadziwa?"

"Khala pansi udye bwino."

"Ndakhuta kale," anatero, uku akufunafuna makiyi.

Koma sankangokonza mafiliji ayi. Anali ndi anzawo awiri, wina wometa tsitsi, wina kalaliki wa kukampani ina yonyamula katundu, ndipo Loweruka lililonse masana atatuwa ankachita masewera awo amene ankati kuyenda shelefu. Ankakhala pakauntala, n'kuyang'ana shelefu ya kumbuyo kwa wogulitsa. Ankayamba ndi botolo la kumapeto kumanzere, aliyense kumwa limodzi, kenako lotsatira, kenako lotsatira, mtundu ndi mtundu kulowera kumanja. Wofika patali ndiye wapambana. Panalibe mphoto yeniyeni, koma chipewa chofiira chakale chimene wopambana ankavala mpaka Loweruka lotsatira.

Vuto lawo linali lakuti mabala a kufupi kwathu anali ndi mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi basi. Shelefu inkatha anthu maso akadali gwa, chipewa n'kusowa mwini. Ndiye panafunika mashelefu aatali, ndipo wowadziwa anali mmodzi yekha. Kuyambira Lachinayi foni ya achimwene inkayamba kulira. "A Gasi, sabata ino tilowera kuti?" Iwo ankayankha ngati munthu wolosera za nyengo. "Kuseri kwa depoti kwafika katundu, mitundu khumi ndi iwiri. Uko kwa mayi wamagalasi musapiteko, kwauma."

Nkhaniyo inafalikira, ndipo anthu ena osawadziwa n'komwe anayamba kuwaimbira. Ndikuganiza kuti achimwene ankakonda kufufuzako kuposa kumwa kwenikweniko. Ankatha kuchoka mbali ina ya tauni kupita mbali ina, mafuta akuthera pamsewu, kungoti akaone ndi maso awo ngati n'zoona kuti bala ina yabweretsa mtundu watsopano.

Amuna anga analowa m'gululi kudzera pantchito. Shelefu ya bala ina inapindika pakati chifukwa cha kulemera, ndipo achimwene anauza mwini wake kuti ali ndi mlamu wawo kalipentala. Amuna anga anapita Loweruka m'mawa ndi matabwa awiri. Ntchito itatha, anzawo a achimwene aja anali atafika, ndipo anati, "Mwakonza shelefu, ndiye muiyendenso." Amuna anga kale ankamwa mabotolo awiri pakutha pa mwezi, basi. Tsiku limenelo anafika kumapeto kwa shelefu ena onse atagonja, n'kunyamuka bwinobwino, n'kutolera zida zawo osaiwala ngakhale msomali.

Anabwera kunyumba atavala chipewa chofiira chija. Ana anaseka, inenso ndinaseka. Ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimadziluma lilime.

"Akuti ndine Mgolo," anandiuza, akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Dzinalo linakhazikika. Pamsewu anthu amene sindinkawadziwa ankandipatsa moni kuti, "Muli bwanji, akazi a a Mgolo?" Munthu amene kwa zaka khumi ndi chimodzi ndinkamudziwa ali chete, tsopano Lachisanu madzulo ankayamba kuimba mluzu. Loweruka ankatseka shedi nthawi ya khumi ndi imodzi, kusamba, kuvala malaya ositidwa, n'kumasuzumira kumsewu kudikira kagalimoto kaja. Lamlungu ankagona mpaka masana. Kenako Lolemba nalonso linayamba kuvuta. Zitseko za anthu zinkachedwa, ndipo tsiku lina anadula thabwa la mwini wake mofupikitsa kawiri konse, munthu amene kale ankayeza katatu asanagwire sowo.

Ndinawapeza achimwene tsiku lina akutsitsa filiji pashopu ina, ndipo ndinawaimitsa.

"Achimwene, amuna anga mukundiwonongera."

"Ine? Alamu ndi munthu wamkulu, chemwali. Ndiponso mowa suwagwira. Thupi lawo lija ndi lina."

"Suwagwira pamaso panu. Lamlungu mumakhala muli kuti pamene ine ndikuchapa zofunda?"

"Chabwino, ndamva. Tichepetsa." Ankayankhula uku akumanga chingwe, kumasula, kumanganso. Asanamalize n'komwe foni inalira, ndipo anakwera galimoto akunditukulira dzanja.

Patapita miyezi ingapo kunatsegulidwa bala yatsopano pansanjika yachiwiri ya nyumba ina pafupi ndi msika waukulu. Achimwene ndiwo anaika mafiliji ake atatu. Lachitatu masana anatulukira m'chipinda changa chosokera, thukuta lili kamukamu. Ndinawalozera mpando, koma anangoupitirira n'kuyamba kuzungulira tebulo lodulira nsalu.

"Alamu ali kuti? Alamu!"

Amuna anga anabwera kuchokera kushedi, utuchi uli m'tsitsi.

"Alamu, ndaiona ndi maso angawa. Kuyambira apa," anagwira khoma, n'kuyenda mpaka pachitseko, "mpaka apa, n'kupitirira. Kumbuyo kuli galasi, pansi magetsi. Ndawerenga kawiri. Mitundu makumi awiri ndi isanu ndi umodzi."

Amuna anga anaimba kamluzu kakang'ono.

"Palibe amene angaimalize imeneyo," ndinatero ine, phazi ndalichotsa pamakina.

"N'chifukwa chake ili yokoma," anatero achimwene.

"Simupitako," ndinauza amuna anga.

Iwo anayang'ana pansi, n'kupukuta manja pa ovolosi. "Ndingokaona. Ndikafika pa khumi ndisiya."

"Pa khumi asiya," anabwereza achimwene. "Ine ndikhala pomwepo, chemwali. Ndiwabweretsa ndekha dzuwa lisanalowe."

Zimene zinachitika Loweruka limenelo sindinazione. Anandifotokozera pambuyo pake ndi wometa uja, atabwera kudzapepesa, ndipo achimwene sanatsutsepo chilichonse.

Anayamba itangokwana wani koloko. Mabotolo asanu ndi atatu oyambirira anali mowa wamba. Kenako panali vinyo wamitundu itatu, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kumapeto unali mowa wamphamvu, wothira m'timatambula ting'onoting'ono. Kalaliki anagonja pa chisanu ndi chinayi. Wometa anafika pa khumi ndi chimodzi, n'kupita kukakhala pakona mutu uli m'manja. Achimwene anasiyira pa khumi ndi zitatu, osati chifukwa chogonja, koma anamva filiji imodzi ikulira mosawasangalatsa ndipo anazungulira kauntala kukaimvetsera.

Amuna anga atafika pa khumi anaikadi tambula pansi n'kunena kuti basi. Koma pakauntala pomwepo panali dalaivala wina wa malole, mlendo m'tauni, amene anali atalowa nawo masewerawo kuyambira pachiyambi. Iye anati, "Mgolo wake ndi umenewu? Kwathu timautcha kandowa." Anthu anaseka. Amuna anga anakokera mpando pafupi.

Anapitirira awiriwiri. Anthu anasiya matebulo awo n'kuwazungulira, ena akujambula pafoni, onse akuwerenga mokweza. Pa khumi ndi zisanu ndi zinayi dalaivala uja anatsika pampando n'kuthamangira kuchimbudzi, osabwereranso. Mpikisano unali utatha. Wina anawaveka amuna anga chipewa chija. Koma gulu linayamba kumenya matebulo, "Mgolo amalize! Mgolo amalize!"

Pa makumi awiri ndi chimodzi wogulitsa mowa anakana kuthira. Anati bambowa maso awo sakuonanso bwino, ndipo iye safuna milandu. Apa ndi pamene wometa anatsitsa mawu pondifotokozera. Anati achimwene anatulutsa mutu kuseri kwa filiji n'kunena kuti, "Athirireni. Ndi alamu anga amenewo, ndimawadziwa."

Amuna anga anamwa zina ziwiri. Kenako anagoneka mutu pakauntala pang'onopang'ono, ngati munthu wotopa ndi ntchito.

Anthu anayi anawanyamula kutsika nawo masitepe, n'kukawagoneka chagada kumbuyo kwa kagalimoto ka achimwene, pakati pa botolo la gasi ndi bokosi la zitsulo. Anawafunditsa chipewa kumaso kuti dzuwa lisawawombe. Achimwene anati awasiye agoneko pang'ono mowa utsike, kuti ine ndisawaone ali choncho. Anaima pambali pa galimoto mwina mphindi zisanu. Kenako anakumbukira filiji ija, n'kukweranso masitepe.

Pafupi ndi pomwe galimoto inaima panali mayi wina wogulitsa zipatso. Iyeyo ndiye anamva mkonono wachilendo, wokhala ngati madzi akutsika m'paipi yotsekeka. Anasuzumira, n'kuchotsa chipewa, n'kupeza masanzi ali m'kamwa ndi m'mphuno, milomo itatuwa. Anakwera m'galimotomo ndi chitenje chake, n'kuwagudubuza kuti agone cham'mbali, n'kuwachotsa za m'kamwazo ndi zala, uku akukuwa. Achimwene atatsika anafuna kuyendetsa galimoto, koma mayiyo anawalanda makiyi n'kupatsa woyendetsa takisi wina amene anali pamenepo. Mayi ameneyo ndinakamufunafuna pambuyo pake. Ndinamusokera diresi, ndipo anavuta kulandira.

Ine nthawi imeneyo ndinali kupinda mayunifolomu a sukulu. Foni italira, mawu a achimwene anali aang'ono moti sindinawazindikire.

"Chemwali, bwera kuchipatala chachikulu."

"Kwatani?"

"Bwera basi."

Ndinawapeza amuna anga atawaika mpweya kumphuno ndi diripi pamkono, osadziwa kanthu. Ndinawaitana, ndinawagwedeza phewa, koma zii. Anamwino amene anali pamenepo, mayi wachikulire wa mawu okhuthala, anafunsa kuti anawabweretsa ndani. Achimwene anayandikira, fungo la mowa lili thoo.

"Munawagoneka bwanji?"

"Chagada, kuti apume."

"Ndipo munawasiya okha?"

Achimwene anaweramitsa mutu, ndipo anamwino anapitiriza.

"Bambo, munthu akamwa mpaka kukomoka si tulo timeneto. Mowa umene uli m'mimba umapitiriza kulowa m'magazi ngakhale atasiya kumwa. Woteroyo sagonekedwa chagada, ndipo sasiyidwa yekha ngakhale pang'ono. Masanzi alowa m'mapapo. Tichita zimene tingathe."

Amuna anga anatsitsimuka tsiku lotsatira chakumasana, koma tsiku lachitatu thupi linatentha kwambiri, ndipo adokotala anati ndi chibayo. Tinakhala m'chipatala masiku khumi ndi limodzi. Ana ndinawasiya kwa amayi.

Masiku onsewo achimwene sanachoke, komanso sanalowe m'wodi. Ankayenda m'khonde, kuchokera pachitseko cha wodi mpaka pamasitepe, n'kubwerera. Ndikakhala pambali pa bedi ndinkamva nsapato zawo, kupita, kubwera, kupita, kubwera. Ankabweretsa zinthu zimene palibe anawatuma: malalanje, sopo, bulangete lachiwiri, wailesi yaing'ono. Ankapatsira anamwino kuti andipatse. Tsiku lachisanu m'mawa ndinatuluka kukataya madzi, ndipo anandithamangira kuti andilandire beseni.

"Siyani," ndinatero.

"Chemwali, ndiuze chochita. Chilichonse."

"Munati mukhala pomwepo."

"Ndinangokwera pang'ono..."

"Mphindi makumi anayi, achimwene. Filiji ya munthu wina. Moyo wanu wonse simunakhalepo pamalo amodzi, ndipo tsiku limodzi lokha limene ndinakupemphani, munalephera. Pitani kwanu. Nsapato zanuzo zikundisokosa."

Anayang'ana nsapato zawo. Atatero anazivula, n'kuzinyamula m'manja. Nditabwerako kotaya madzi ndinawapeza akuyendabe m'khondemo ndi masokosi okha.

Amuna anga anatuluka m'chipatala ataonda, malaya akulendewera. Kwa miyezi iwiri sankatha kulowa m'shedi, chifukwa utuchi ukangowafika pamphuno ankatsokomola mpaka misozi. Makina anga ndiwo anatidyetsa. Achimwene ankabwera tsiku lililonse. Ine sindinkawayankhula. Ankalowa kuseri, kusesa shedi, kuthira mafuta pazitseko, kutenga ana kusukulu. Tsiku lina ndinapeza aphwasula filiji yathu, imene inalibe vuto lililonse, zitsulo zili mbwee pakhonde.

Madzulo ena ana atagona, amuna anga anati, "Alamu uwakhululukire. Sanandithire m'kamwa."

"Mukuwaikira kumbuyo?"

"Ayi. Ndikuti mkwiyo wakowo ugawe bwino. Wina ndi wanga."

Ndinaika pansi nsalu imene ndinkasoka pamanja. "Chabwino. Ndiuzeni. Munati pa khumi musiya."

Anayang'ana zikhatho zawo. Kenako anati, "Ine ndapanga zitseko zaka makumi awiri. Munthu akatsegula chitseko chabwino safunsa kuti anapanga ndani. Koma kumene kuja anthu makumi atatu ankaitana dzina langa. Ndinkadziwa kuti ndi zopusa. Ndinkadziwa ndithu. Koma kunkakoma."

Ndinawakalipira usiku umenewo kuposa mmene ndinakalipirira achimwene, ndipo iwo anangomvetsera. Kuyambira pamenepo sanamwenso, kupatula kamodzi pa ukwati wa mwana wa mnzawo, pomwe anamwa theka la botolo n'kubwera kudzandiuza okha. Chifuwa chawo sichinabwerere mwakale. Amagwira ntchito atavala kansalu kumphuno, ndipo kukazizira amatsokomola.

Gulu lija linabalalika. Wometa anasiyiratu. Kalaliki anapeza anzake ena, ndipo ankaimbabe foni Lachinayi, mpaka achimwene anasintha nambala. Anasiyanso kukonza mafiliji a m'mabala, n'kumangopita m'mabutchala ndi m'mashopu. Ine ndinaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Ndinayamba kuwayankha moni, kenako kuwathirira tiyi.

Tiyi ameneyo ndiye anandionetsa. M'mawa wina akunyamula kapu, ndinamva ikugogoda pasosala. Anaigwira ndi manja awiri, koma tiyi anatayikirabe pathalauza.

"Mukudwala?"

"Kuzizira," anatero. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo.

Nditawaperekeza kugalimoto ndinasuzumira pansi pa mpando, ndipo ndinaona timabotolo tating'ono tambirimbiri topanda kanthu. Achimwene anali atasiya kumwa pagulu, n'kuyamba kumwa okha, m'galimoto, pakati pa ntchito ina ndi ina. Kale ankamwa Loweruka lokha. Tsopano linali tsiku lililonse, ndipo panalibe wowawerengera.

Tsiku limenelo ndinangowasiya apite. Patatha masabata atatu anabwera okha, Lachisanu masana, n'kuima pakhomo la chipinda chosokera, dzanja lamanzere atalikulunga bandeji. Anali akuwotcherera paipi ya filiji ya butchala ina, dzanja n'kunjenjemera, moto n'kuboola paipi n'kuwawotcha chala. Nyama ya mwini wake inawonongeka, ndipo anawathamangitsa pamaso pa anthu.

"Chemwali," anatero, "ndikatseka maso ndimaona chipewa chija chili pankhope pawo. Ndikamwa pang'ono chimachoka."

"Ndiye mudzamwa mpaka liti?"

"Sindikudziwa."

Lolemba ndinapita nawo kuchipatala. Anamwino omwe aja anawazindikira, koma sanawanyoze. Anawauza kuti munthu amene wafika ponjenjemera manja sasiya mwadzidzidzi payekha, chifukwa thupi likhoza kuchita khunyu. Anawapatsa mankhwala, n'kuwalembera tsiku loti azibwera kudzakumana ndi aphungu pamodzi ndi anthu ena a vuto lomwelo. Achimwene anapitako maulendo anayi. Anati zokambirana zake n'zabwino, koma amakhazika anthu pamipando mozungulira kwa ola lathunthu, ndipo iwo miyendo imayabwa. Aphunguwo anawalola kuti aziima kumbuyo pafupi ndi windo, ndipo anapitanso.

Tsiku lovuta kwambiri kwa iwo ndi Loweruka. Anabwera okha ndi maganizo akuti tsiku limenelo azindisiyira makiyi a galimoto. Amafika cha m'ma teni, n'kuika makiyi m'kabati ya ulusi, ine n'kukhoma. Poti sangakhale pansi, ndinawapatsa ntchito yosita. Amaima patebulo lalitali, kupita uku ndi uku ndi simbi, ndipo amasita bwino kuposa ine. Makolala amatuluka owongoka ngati a m'sitolo. Amuna anga amabwera kuchokera kushedi nthawi ya chakudya, ndipo awiriwo amakamba za mitengo ya matabwa ndi za mpira, osatchula za kale.

Koma ikamakwana wani koloko ndimayamba kuona. Amasita malaya amodzi kawiri. Amapita pawindo, kubwerera, kumwa madzi, kupitanso pawindo. Ana akawafunsa kanthu amayankha zina. Kenako amazimitsa simbi, n'kuiimika bwinobwino.

"Ndikawongoleko miyendo."

"Mupite ndi alamu anu."

"Ayi, asiye agwire ntchito. Ndingofika pamphambano."

Sindingawamange. Ndi achimwene anga, munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndimangoti, "Madiresi atatu awa eni ake abwera folo koloko." Iwo amati, "Ndamva," n'kutuluka.

Masabata ambiri amabwerera pakatha theka la ola, atagula mtedza wa ana, thukuta lili pamphumi ngati athamanga, n'kuyatsanso simbi. Masabata ena sabwerera, ndipo makiyi amagona m'kabati mpaka Lolemba, pomwe amabwera kudzawatenga maso ali pansi. Chaka chino zachitika katatu. Chaka chatha zinachitika kasanu ndi kawiri.

Loweruka lapitali anatuluka itangopitirira wani. Ndinasoka mkono umodzi wa jekete, n'kuumasula chifukwa ndinaulumikiza mokhota. Amuna anga anabwera kudzaima pakhomo, kansalu kali pachibwano.

"Apita kalekale?"

"Ola latha."

"Ndikawayang'ane?"

"Dikirani pang'ono," ndinatero.

Anakoka mpando n'kukhala pambali panga, ndipo tonse awiri tinayang'ana kumsewu.